Fungo la Chinanazi

A Sajeni anapuma ntchito ya upolisi kalekale, koma upolisiwo unakana kuwachoka m'thupi. Munthu akawapatsa moni ankayamba amuyang'ana m'manja asanayankhe. Makolo a pasukulu ina ya sekondale anawasankha kukhala wapampando wa komiti chifukwa cha ukali womwewo, ndipo iwo sanawagwiritse mwala. Fodya wamagetsi atayamba kupezeka m'zikwama za ana, aphunzitsi ankangolanda n'kutsekera m'kabati. A Sajeni anati kumeneko n'kunyengerera matenda. Anamenya tebulo mpaka komiti inavomera lamulo latsopano: mwana wopezeka ndi chinthucho azinyamula zake, asadzapondenso pasukulupo.

Ankatha kulankhula choncho chifukwa kunyumba kwawo kunalibe chowapinda lilime. Ana awo onse anakula mowongoka, ndipo mzime wawo ndiye anali mphunzitsi wa sayansi pasukulu yomweyo. Mtsikanayo ankakhala nawo chimwalirireni akazi awo. Ana asukulu ankamutcha Madamu, koma kwa bambo ake anali Mzime basi, ndipo pamisonkhano ankamuloza ngati chitsanzo mpaka makolo ena kutopa nazo.

Lamulo lija linali lisanalume munthu mpaka tsiku limene ahedi anawaimbira foni m'mawa.

Atafika anapeza mayi wina atakhala pansi pakhonde la ofesi, ngakhale benchi inali pomwepo. Anali mu yunifolomu ya ochapa zovala kuchipatala, manja otuwa ndi sopo. Atawaona anagwada n'kuyamba kufotokoza kuti mwana wake si wotero, kuti mayeso omaliza ali pakhomo, kuti iye wathera mphamvu zake pa mabulangete a odwala kuti mwanayo afike pamenepa. A Sajeni anamuuza kuti mayi aliyense amanena zomwezo, n'kulowa.

Ahedi anali bambo wa thukuta losatha, amene ankaopa mbiri yoipa kuposa matenda. Nkhani anaifotokoza mozungulira, koma mutu wake unali uwu: dzulo lake, poweruka, mapulifekiti anasecha zikwama pageti ndipo anapeza fodya wamagetsi m'chikwama cha mtsikana wa m'kalasi lomaliza, amene anzake ankamutcha Kaphee chifukwa mawu ake sankamveka kawirikawiri. Choipa kwambiri, chinthucho chinali ndi kadontho ka penti yofiira, chizindikiro chimene ahediwo ankaika pa chilichonse cholandidwa asanachitsekere.

"Si kusuta kokha, a Sajeni, ndi kuba. Kuba m'kabati ya mu ofesi yanga. Nkhaniyi ikatuluka pageti, ine nkhope ndiika pati? Komiti ndaiitana kale, tikumana ana akaweruka."

A Sajeni anagwada pakabatipo n'kuyang'ana loko. Panalibe pokalika, panalibe popindika. Amene anatsegula anatsegula ndi kiyi. Atafunsa kumene kiyiyo amakhala, ahedi anakanda m'mutu. Anati chitayireni mpukutu wa makiyi chaka china, kiyi wa kabatiyo amakhala m'chipinda cha aphunzitsi, m'kapu yoduka chogwirira pamwamba pa shelefu, popeza choko ndi mapepala zimakhalanso m'kabati momwemo. Aphunzitsi onse ankadziwa. Ana osesa chipindacho ankadziwanso, ndipo Kaphee anali mmodzi wa iwo.

Anatsitsa katoni ya zolandidwazo. Munali tinthu tofiira, tobiriwira, tachikasu, tina ngati zolembera, tina ngati zopaka pamilomo. Kunena zoona, a Sajeni anali atalalikira za fodyayu miyezi yambiri koma anali asanamugwirepo m'manja. Ahedi anati amawerenga tinthuto kumapeto kwa sabata iliyonse ndipo sikanasowepo ngakhale kamodzi, choncho kubaku kunachitika kamodzi kokha, posachedwapa.

A Sajeni anaika m'thumba la malaya kachinthu kachikasu kamene kanapezeka m'chikwama cha Kaphee. Mlanduwo unkaoneka wophweka, ndipo milandu yophweka ndiyo inkawakayikitsa.

"Ndiitanireni amene anamugwira."

* * *

Mkulu wa mapulifekiti anali mtsikana wamtali, wa pakamwa posapuma. Anafotokoza za secha ija mwatsatanetsatane: Kaphee anali kumapeto kwa mzere, akuchokera ku labu, ndipo chikwama anachikumbatira pachifuwa mpaka anachita kumulanda. Sanalire, sanakane, sananene kanthu.

A Sajeni anagwedeza mutu. Anati akamaliza apa afuna kalasi lonse lomaliza lifole panja, aone zala ndi milomo. Pa zaka zawo zonse za upolisi wosuta sanawabisalepo: zala zachikasu, milomo yakuda, jekete lonunkha. Mphuno yawo inali yotchuka kupolisi konse.

Mtsikanayo analuma mlomo kuti asaseke.

"Pepani bambo, zimenezo n'za fodya wakale. Vepu sidetsa milomo, sinunkha fodya. Munthu amakoka m'chimbudzi, potuluka akununkhira ngati wadya switi."

"Vepu?"

"Ndi dzina lake limenelo."

Anamufunsa kuti ndi ana angati amene amasuta pasukulupo. Mtsikanayo anayang'ana ahedi, kenako denga, n'kunena kuti akati achotse onse ndiye kuti mayesowo alemba ahedi okha. Anawonjezera kuti anawo sanazitole m'tchire. Achimwene ake oyendetsa galimoto amakoka, anamwino amakoka kuseri kwa chipatala, ngakhale bambo wina wa m'komiti momwemo anawaonapo atayimika galimoto pamthunzi. Ahedi anatsokomola mwamphamvu, mtsikanayo n'kumeza dzinalo.

Maso ake anali atagwera kale m'katoni. Anatola vepu imodzi yachikasu n'kunena kuti imeneyo analanda yekha kwa mnyamata wina itangotuluka m'pepala, ili yodzaza. Anaitukula pawindo. Pambali pake panali kagalasi koonetsa madzi a m'kati, ndipo munali gwa, mouma. A Sajeni anamuuza kuti ayang'ane zonse. Zofiira zinali ndi madzi ake, zobiriwira chimodzimodzi. Mavepu achikasu okha ndiwo anali ouma, onse.

"Achikasuwa ndi a chinanazi," anatero mtsikanayo.

Atamutulutsa, a Sajeni anayamba kugogoda tebulo ndi chala. Uyu sanali wakuba wa tsiku limodzi. Anali wakuba wobweza. Ankatenga imodzi, kuimaliza, kuibwezera, n'kutenganso ina, ndipo ankasankha ya kukhosi kwake. Mwana angabwezerenji chinthu chotha, pamene dzenje la zinyalala lilipo? Wobweza ndi munthu wodziwa kuti ahedi amawerenga koma sayang'ana m'kati. Komanso ndi munthu woti akhoza kulowa mu ofesi kangapo pa sabata, kiyi ali m'manja, popanda womufunsa.

Ahedi anapukuta khosi ndi mpango. "Ndiye mukuti chiyani, a Sajeni?"

"Sindinanene kanthu. Koma mwana wosesa salowa muno kawirikawiri choncho."

Anatuluka mtima ukuwavina pang'ono, chifukwa mlandu unali utayamba kukoma. M'maganizo mwawo anali atayamba kale kufoletsa aphunzitsi, ndipo kutsogolo kwa mzerewo anaika wa masewera, mnyamata wometa modabwitsa amene sankamukonda kuyambira kale.

* * *

Mlonda wa masana anali nkhalamba yocheza, yokhala m'kanyumba ka pageti ndi wailesi yakufa. Atamva nkhani ya fodya anayamba wadziyeretsa yekha.

"Ine wanga ndi wopichira, bwana. Wachilungamo, wonunkha poyera. Zamagetsizi ine ayi, munthu kusuta batire?"

Atamufunsa ngati anaonapo chachilendo, anayambira kutali. Ananena za mbuzi zolowera pampanda, za anyamata olumpha kuseri kwa zimbudzi, za mphaka amene anaberekera m'chipinda cha mabuku. A Sajeni anamulola atulutse zonse, poti mboni yolongolola imataya golide pamodzi ndi zinyalala. Pomaliza nkhalambayo inati chachilendo palibe, kupatula sayansi ya m'mawa.

"Sayansi yanji?"

Inafotokoza kuti m'mawa uliwonse, ana onse akafola pabwalo kuti ahedi awalankhule, iyo imazungulira mpanda. Ikafika kuseri kwa labu imaona utsi woyera ukutuluka pakawindo ka chipinda chosungiramo mankhwala. Utsi wake wachilendo, wosakhalitsa, wonunkhira chipatso chakupsa. Iyo inkangoti aphunzitsi akuphika sayansi yawo, ndipo nthawi zina inkaima dala pamenepo kuti imveko kafungoko.

A Sajeni anafunsa ngati Kaphee angakhale m'labumo nthawi imeneyo. Mlonda anaseka mpaka kutsokomola. Anati mwana ameneyo ndi amene amakweza mbendera m'mawa uliwonse, sukulu yonse ikumuona, chifukwa sachedwa ndipo saseka pa chingwe ngati anzake. Wa masewera naye sangakhale, poti ndi amene amafoletsa ana ndi wezulo.

"Nanga ndani sapita pabwalopo?"

"Aphunzitsi onse amapita, bwana. Kupatula amene amatsala kukonza mabotolo a phunziro loyamba, ndiye ndi a..."

Nkhalambayo inaima pomwepo, kukamwa kuli yasa. Inayang'ana a Sajeni, inayang'ana pansi, kenako inatola ndodo n'kunena kuti yamva mbuzi kumpanda. Kumpandako kunalibe mbuzi.

A Sajeni anatsala okha pageti. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa kachinthu kachikasu kaja, ndipo kwa nthawi yoyamba anakafikitsa pamphuno.

Fungolo ankalidziwa. Linali la m'nyumba mwawo. Linali m'kakhonde kopita kubafa, linali m'makatani a chipinda cha Mzime, linali m'juzi lake akamawapatsira madzi osamba m'manja. Tsiku lina anachita kumuyamikira kuti mafuta ake odzola ndi aulemu, osati zonunkha za atsikana a masiku ano, ndipo Mzime anangoti zikomo adadi, maso ali pambale. Mphuno yotchuka ija inali itagona ndi umboni nyumba imodzi kwa miyezi, ikuuyamikira.

Anakhala pampando wa mlonda, chinthu chimene sakanachita tsiku lina lililonse.

* * *

Kaphee anali atamutsekera m'chipinda cha mabuku kuyambira m'mawa. Anali kamtsikana kochepa thupi, kovala yunifolomu yotuwa koma yositidwa bwino. A Sajeni anauza ahedi kuti awasiye awiri. Asanakhale n'komwe, mtsikanayo analankhula, mawu ali pansi koma osagwedera.

"Ndinaba ndine, bambo."

Anamufunsa kuti anaba liti, iye anati sakukumbuka. Anaba kangati, iye anati kamodzi. Nanga zouma zija anamaliza ndani? Apo anasowa poponda, chifukwa za zoumazo sankazidziwa. A Sajeni anafunsapo mbava zambiri pamoyo wawo, ndipo zonse zinkalimbana n'kutuluka mu mlandu. Aka kanali koyamba kuona munthu akulimbana kuti alowemo.

"Unaitola mu labu," anatero, mawu awo okha akuwachititsa manyazi.

Mtsikanayo anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Madamu ankamuphunzitsa mwapadera akaweruka, osamulipiritsa, ndipo anamubwereka mabuku awo a kukoleji. Iye pothokoza ankatsala kutsuka mabotolo. Dzulo lake akutsuka anaona vepuyo pambali pa sinki, kadontho kofiira kakuonekera, Madamu atatuluka pang'ono. Nthawi yomweyo anamva ahedi akubwera m'khonde ndi alendo odzaona labu. Sanaganize kawiri, anaiponya m'chikwama. Ankati akaitaya panjira, koma pageti anapeza secha.

"Anakuuza kuti ubise?"

"Ayi, bambo. Sanandiuze kanthu. Ndaganiza ndekha." Anapukuta nkhope ndi kolala. "Ine ndikhoza kudzalemba chaka china, kwina. Koma Madamu akachotsedwa ntchito, komanso inu mukadziwa... amakuopani kwambiri. Chonde, mungonena kuti ndavomera."

A Sajeni anadzuka n'kutuluka.

Tisawanamizire ungwazi umene analibe. Atatuluka m'chipindamo analunjika ku ofesi ya ahedi, ndipo mawu anali atawakonza kale: mwana wavomera, mlandu watha. Kupolisi munthu akavomera yekha, fayilo inkatsekedwa, aliyense n'kupita kukadya. Zouma zija ahedi akanaziiwala mosangalala. Mlonda sakanatsegula pakamwa. Mtsikanayo anali atapempha yekha, ndipo anali wamng'ono, zaka zinali patsogolo pake. Maganizo amenewa anabwera mosavuta, mwadongosolo, ngati anali kudikira pakhomo kuyambira kale, ndipo zimenezo n'zimene zinawanyansa pambuyo pake.

Pakhonde mayi uja anali pomwe anamusiya. Atawaona anadzuka n'kugwadanso. Anati wamva kwa mapulifekiti kuti a Sajeni akufunsa mofatsa, akuyang'ana chilichonse, ndipo mtima wake watsikako.

"Anthu amati ndinu aukali, bambo, koma amatinso bodza simugwirizana nalo. Ine ndadalira pamenepo."

Dzanja lawo linali litafika kale pachitseko cha ofesi. Analichotsa. Anafuna kumuuza mayiyo kuti adzuke, asagwadire munthu ngati iwo, koma m'malo mwake anatembenuka n'kulowera ku labu.

* * *

Mzime anali yekha, atavala chovala chake choyera cha mu labu, akupukuta bolodi limene linali loyera kale. Atamva mapazi anadziwa mwini wake, poti anakulira kumvetsera mapazi amenewo. A Sajeni anaika vepu ija patebulo pakati pawo. Sanakalipe. Mzime akanakonda akanakalipa.

Sanakane chilichonse. Anati anayambira kukoleji, nthawi ya mayeso, chipinda chonse chikukoka, ndipo aliyense ankati si fodya weniweni. Amayi ake atamwalira zinakula. Anayesapo kusiya kangapo, koma mutu unkawawa, manja kunjenjemera, ana m'kalasi kumukwiyitsa popanda chifukwa. Tsiku lina atapita kukatenga choko anaona katoni ija, n'kudziuza kuti abwereka kamodzi kokha.

"Umalandira malipiro. Bwanji sunkagula yako, m'malo moba za ana?"

"Ndikagule kuti, adadi? Sitolo iliyonse amadziwa kuti ndine mwana wa a Sajeni. Ndisanafike kunyumba, inu mukanamva kale."

Funso limenelo linawalasa a Sajeni, koma silinali funso lalikulu. Funso lalikulu linali la dzulo. Mzime anaona mwana uja akugwidwa pageti, anabwera kunyumba, anaphika, anawasitira malaya omwe anavalawa, anawafunira tulo tabwino. M'mawa anadzuka n'kubwera kudzaphunzitsa, mayi wa mwanayo atakhala pansi pakhonde.

"Unagona bwanji?"

"Sindinagone. Ndinafika pachitseko chanu kawiri." Anayang'ana manja ake. "Ndikati nditsegule pakamwa ndimaona nkhope yanu ya pamisonkhano, mukundiloza."

A Sajeni anayang'ana kumbali, ku mabotolo otsukidwa bwino amene anali atafoledwa pashelefu. Anamuuza kuti kumsonkhano afotokoza zimene apeza, ndipo akafika pa dzina aima. Pamenepo adzuke yekha. Likatuluka pakamwa pake, anthu adzati analakwa koma ndi munthu. Likatuluka pakamwa pa wina, adzati anagwidwa.

Mzime anagwedeza mutu kuti wamva.

* * *

Komiti inakumana m'chipinda cha aphunzitsi. Makolo anakhala mozungulira tebulo, aphunzitsi m'mbali mwa khoma, Kaphee ndi mayi ake pabenchi kutsogolo. Panja ana amene anayenera kukhala atapita kwawo anali yakaliyakali m'mawindo, poti nkhani ya kuchotsedwa kwa munthu imakoma kuposa mpira.

Ahedi anafotokoza mlanduwo mwachidule, n'kupereka mpata kwa wapampando. A Sajeni anaimirira. Ananena za loko wosathyoledwa, za mavepu achikasu ouma, za utsi wa pakawindo ka labu nthawi imene Kaphee amakhala pa chingwe cha mbendera. Anati mwanayo sanabe ndipo sanasute. Anatola chinthu cha munthu wina kuti amubisire, chifukwa munthuyo anamuchitira zabwino.

Mayi wina wa m'komiti, wogulitsa nsalu, anafunsa funso limene aliyense anali nalo. "Ndiye munthuyo ndani?"

A Sajeni anaima, monga analonjezera.

Mzime anali pakona, pafupi ndi shelefu. Anagwira m'mphepete mwa mpando, anadzuka pang'ono, n'kukhalanso pansi. Bambo ake anadikira. Wina anasuntha mpando, wina anatsokomola. Anadikirabe, mpaka anthu anayamba kuyang'anana. Kenako anaona maso a mwana wawo, ndipo anawazindikira. Anali maso omwe aja a ali wamng'ono, ataswa kapu, ataima pakhomo kudikira kuti adadi abwere kuntchito. Ana awo onse anawaphunzitsa kuopa, ndipo iwo ankayesa kuti akuwaphunzitsa chilungamo.

"Ndi mphunzitsi wa sayansi," anatero. "Mwana wanga."

Palibe anafuula. Ahedi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Wogulitsa nsalu uja anayang'ana pansi ngati walakwa ndi iye. Bambo wina wa m'komiti, amene a Sajeni anamukhalitsapo chete pamsonkhano wa lamulo lija, anawongola khosi n'kunena mwaulemu wonyanya kuti akungofuna kumvetsa. Lamulo likuti wopezeka nacho, silinena za wosuta kapena wotola. Mtsikanayu anapezeka nacho. Kapena wapampando akufuna lamulo lawo lomwe lipindidwe lero?

"Lipindidwe," anayankha a Sajeni. "Ndinalikakamiza ndine, ndisakudziwa chimene ndikulimbana nacho. Sindinkadziwa ngakhale fungo lake. Mwanayu alembe mayeso. Za mpando wangawu, musankhe wina."

Manja anakwera mmodzimmodzi, ndipo Kaphee anatsala pasukulu. Za Mzime ahedi anati si za komiti. Ayenera kulembera akuluakulu a maphunziro, ndipo kufikira atayankha, Madamu adikire kunyumba. Ananena mofatsa, osayang'ana aliyense.

Kaphee sanasangalale. Potuluka anadutsa pafupi ndi a Sajeni n'kuwayang'ana m'maso koyamba tsiku limenelo, ndipo m'maso mwakemo munalibe zikomo. Mayi ake anamugwira dzanja n'kumukoka, nkhope ili gwa. Anali atamva tsopano kuti mwana wake anagona ndi mlandu wa mwini, mwiniwakeyo akudya ndi kugona m'nyumba ya wapampando.

Chipinda chinatsala chopanda anthu. A Sajeni anapita ku labu n'kupeza Mzime akulongedza mabuku ake m'katoni, chovala choyera chija atachipachika pamsomali. Kudzera pawindo geti linkaoneka. Ana anali atadzaza mbali zonse ziwiri za njira, ena atakwera pampanda, ndipo nkhani inali itawafika kale.

"Tsogolani, adadi," anatero Mzime, osatukula mutu. "Ine ndidikira achoke, ndidzera kuseri. Musayende ndi ine lero."

A Sajeni anayang'ana gululo. Kuseri kunalidi kanjira, ndipo mtima wawo unkakafuna kanjirako kuposa mmene mwana wawo ankakafunira. Anawerama n'kunyamula katoni ija. Inali yolemera, ndipo anaiika paphewa.

"Tidzera pageti," anatero. "Manyaziwa si ako wekha. Tiye."

Anatuluka limodzi. Phokoso la ana linazima atangowaona, ndipo njira yonse mpaka kumsewu Mzime anayenda atagwira mkono wa malaya a bambo ake.